TISANASAINE: ZOYENERA KUDZIWA ZA MAPOINTI A TCHUTHI

Awa ndi mawu amene mmodzi wa ife adayankhula pa msonkhano wa nthambi ya Lilongwe ya bungwe lathu la ophunzira akale. Tawasindikiza onse monga adapemphera amene adalipo, kuti a nthambi zina nawonso awerenge.



Komiti idandipempha kuti ndiyankhule za malonda amene dzina lake lakhala likumveka tikamacheza, malonda a timeshare, makamaka mtundu wake umene munthu amagula mapointi. Adandisankha chifukwa ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo mapepala a malonda amenewa adutsapo m'manja mwanga kangapo. Ambiri a ife timagwira ntchito ku City Centre ndi ku Capital Hill, ena tili ndi mabizinesi ku Old Town, ndipo ntchito zimenezi zimatitengera ku Johannesburg, ku Durban, ku Cape Town ngakhalenso ku Dubai. Kumeneko ndiko ogulitsa amatipeza, ndipo amene sayenda amawapeza pa foni ndi pa intaneti. Enanso mwa ife tayandikira kupuma pantchito, ndalama za penshoni zili m'njira, ndipo ogulitsa amadziwa bwino kuti munthu wa msinkhu umenewu amakhala ndi mtima wofuna kusiyira ana kanthu.

Mapointi tonse muno timawadziwa. Pa mayeso a Fomu 4 tinkapemphera kuti atichepere: wopeza 6 ankaimbiridwa m'manja, wopeza 40 ankalowa m'mudzi kutada. Mapointi a lero ndi otembenuza, chifukwa wogulitsa amakuuzani kuti mukachulutsa ndiye mwakhoza. Kusiyana kwina n'kwakuti a MSCE akalembedwa pa satifiketi sasinthanso, pamene awa mphamvu yake ikhoza kuchepa inu muli m'tulo.

KUMENE ZIDACHOKERA

Ganizo loyamba lidali losavuta. Nyumba imodzi ya kunyanja kapena kumapiri ndi yodula kuti munthu mmodzi aigule n'kumagonamo sabata imodzi pachaka. Tsono popeza chaka chili ndi masabata 52, nyumbayo amaigawa m'masabata, aliyense n'kugula sabata yake, ndipo imodzi kapena ziwiri amazisiya kuti azikonzera nyumbayo. Zili ngati chipereganyu, kungoti chimene chikuzungulira ndi kiyi wa nyumba. Wogula sabata ya 51 m'nyumba nambala 12 ankadziwa kuti chaka chilichonse, sabata imeneyo, nyumba imeneyo ndi yake.

Malonda amenewa adayambira ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960. Kampani ya Hapimag ya ku Switzerland idayamba mu 1963, ndipo mamembala ake ankapeza mapointi ogonera m'nyumba zosiyanasiyana za kampaniyo. Anthu atayamba kutopa ndi kupita malo amodzimodzi chaka ndi chaka, padabadwa makampani osinthanitsa masabata: RCI mu 1974 ku Indianapolis, ndi Interval International mu 1976 ku Miami. Mu 1991 kampani ya Disney idatsegula kalabu yake ya mapointi ku Florida, ndipo a Marriott adayamba kugulitsa mapointi mu 2010. Kuno kwathu kummwera kwa Africa malonda amenewa adakula kwambiri ku South Africa, m'malo ngati Umhlanga pafupi ndi Durban, Plettenberg Bay, mapiri a Drakensberg ndi Sun City, ndipo boma la kumeneko lidakhazikitsa lamulo lakelake la timeshare mu 1983.

KODI MUKUGULA CHIYANI?

Funso ili ndilo tsinde la nkhani yonse. Ku South Africa zilipo njira zitatu zodziwika. Yoyamba, munthu amakhala ndi gawo la nyumba lolembedwa m'kaundula wa malo, ndi chikalata cha umwini. Yachiwiri, amagula masheya m'kampani imene ili ndi nyumbazo, ndipo masheyawo amamupatsa ufulu wogonamo sabata yakutiyakuti. Yachitatu ndiyo ya mapointi: nyumba zimakhala m'manja mwa kalabu kapena bungwe losunga chuma cha kalabuyo, ndipo inu mumagula umembala umene umakupatsani mapointi akutiakuti chaka chilichonse.

Mwa njira yachitatuyi mulibe nyumba, mulibe chipinda, mulibe ndi tsiku lomwe limene munganene kuti ndi lanu. Chimene mwagula ndi mwayi wopempha malo, ndipo pamodzi ndi mwayiwo mwasenza udindo wolipira chaka ndi chaka. Ife amene tidazolowera kuti ukagula poloti ku Area 47 kapena ku Area 49 umaona miyala ya malire ndi maso ako, tiyenera kuchotsa chithunzi chimenecho m'mutu tisanawerenge mapepala a mapointi.

Mapointi amagwira ntchito ngati ndalama ya m'kati mwa kalabu. Kalabu imasindikiza ndandanda ya mitengo, ndipo usiku umodzi umadya mapointi molingana ndi zinthu zinayi: malowo ndi otchuka bwanji, ndi nyengo yanji ya chaka, nyumbayo ili ndi zipinda zingati, ndiponso ndi pakati pa sabata kapena kumathero kwa sabata. Mapointi omwewo amene angakupatseni sabata yathunthu m'chipinda chimodzi mu Meyi akhoza kukupatsani masiku atatu okha pa Khirisimasi mukafuna nyumba yokwanira banja lonse. Wogulitsa amakuonetsani zithunzi za Khirisimasi, koma masamu amawachitira pa Meyi.

Ndiponso kukhala ndi mapointi okwanira sikutanthauza kuti malo mwapeza. Mamembala onse amafuna masabata omwewo, ndipo amene wayamba kupempha ndiye amatenga. M'makalabu ambiri kaundula amatsegulidwa miyezi yambiri, ngakhale chaka chathunthu, tsikulo lisanafike, ndipo masabata abwino amatha msanga. Mapointi amene simudagwiritse ntchito amakhala ndi malire a nthawi. Makalabu ena amalola kuwasungira chaka chamawa kapena kubwereka a chaka chamawa, koma malirewo akadutsa amafa, ndipo ndalama zanu sizibwerera. Chomaliza pamenepa, funsani kuti ndani ali ndi mphamvu yosintha ndandanda ya mitengo ija. Ngati kalabu ingathe kuisintha, sabata imene lero ikudya mapointi 10,000 ikhoza kudzafuna 12,000, ndipo pamenepo foni idzalira kukuuzani kuti muonjezere kugula.

NDALAMA YA CHAKA NDI CHAKA

Mtengo wogulira ndiwo umatchulidwa mokweza, koma umene umavuta anthu ndi wina, ndalama ya chaka ndi chaka imene iwo amaitcha levy. Ndalama imeneyi ndi yolipira antchito, magetsi, madzi, inshuwalansi, misonkho ndi kukonza zowonongeka. Palibe cholakwika ndi zimenezo, pakuti nyumba iliyonse imadya ndalama. Koma dziwani zinthu zitatu. Mumalipira kaya mwapita kaya simudapite. Kawirikawiri imakwera chaka chilichonse, ndipo amene amaikweza si inu. Denga likaphwasuka kapena pakafunika kukonzanso malo onse, akhoza kuitanitsa ndalama ina yapadera pamwamba pake. Kuonjezera apo pamakhala ndalama ya umembala wa kampani yosinthanitsa ija, ndi ina yolipira nthawi iliyonse mukasinthanitsa malo.

Kwa munthu wa ku Pretoria amene amalandira marandi n'kumalipira marandi, nkhani ingathere pamenepa. Kwa ife olandira makwacha nkhani ikungoyamba kumene. Tiyerekeze kuti wina adasaina kuti azilipira madola 500 pachaka, ndipo tiyerekezenso kuti kalabuyo ndi yachifundo kotero kuti sidakwezepo ngakhale senti imodzi. Mu Epulo 2012 dola imodzi idali pafupifupi K168 ku banki, ndiye kuti ankalipira K84,000. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha idagwetsedwa kufika K250 pa dola, ndipo ngongole yomweyo idasanduka K125,000. Mu Meyi 2022 kwacha idagwanso ndi 25 peresenti. Kumayambiriro kwa Novembala 2023 dola idali pafupifupi K1,180, kutanthauza K590,000, ndipo mwezi womwewo, kwacha itagwa ndi 44 peresenti kufika K1,700, munthu uja ankafunika K850,000. M'zaka zosakwana 12 ndalama yake ya pachaka idachuluka kakhumi, kalabu isadasinthe chilichonse. Aliyense adzifunse ngati malipiro ake kapena penshoni yake idachuluka kakhumi m'zaka zimenezo.

Ngakhale makwachawo mukhale nawo, mpofunikabe kuti banki ikupezereni ndalama zakunja ndi kuzitumiza motsata malamulo a Reserve Bank of Malawi. Tonse tidaona m'zaka za 2022 mpaka 2024 momwe ogulitsa mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala ankadikirira madola, ndiponso momwe makolo a ana ophunzira kunja ankayendera ku banki. Pa mzere wotere, wolipira malo a tchuthi amaima kumbuyo kwenikweni. Kalabu siidziwa za mzere wathuwo. Mukachedwa imakutsekerani mapointi, imaika chiwongoladzanja, kenaka nkhani imapita kwa otolera ngongole. Mukathamangira kugula madola pamsewu, mwalipira mtengo wokwera ndiponso mwaphwanya lamulo.

MASAMU AMENE MUYENERA KUCHITA

Aphunzitsi athu a masamu, amene ena ali nafe muno, ankatiuza kuti tizionetsa njira yonse, osangolemba yankho. Nayi njira yake. Manambala awa ndi ongoyerekeza kuti muone kachitidwe. Inu mudzaikepo amene ali pa pepala limene akupatsani.

Tinene kuti mapointi okwanira sabata imodzi akugulitsidwa R120,000. Dzifunseni moona mtima kuti mudzayenda zaka zingati miyendo ndi thumba zikadali zolimba. Tinene zaka 10. Ndiye kuti chaka chilichonse chikudya R12,000 ya mtengo wogulira. Onjezerani ndalama ya pachaka, tinene R9,000, ndi ya umembala ndi yosinthanitsa, tinene R1,500. Zonse pamodzi ndi R22,500. Gawani ndi mausiku 7, mupeza pafupifupi R3,200 pa usiku. Ngati mumapita chaka chimodzi n'kulumpha china mapointi n'kufa, usiku umodzi wakudyerani R6,400. Ngati mudagula pangongole, onjezerani chiwongoladzanja, chimene pa malonda otere chimakhala chokwera.

Mukatero tsegulani intaneti, fufuzani malo omwewo, sabata yomweyo, nyumba ya kukula komweko, muone kuti munthu wamba amene si membala akulipira zingati. Malo ambiri otere amachititsanso lendi kwa aliyense, ndipo eni masabata amene alephera kupita amagulitsa masabata awo motchipa kuti apezeko ndalama ya pachaka ija. Ngati mtengo wa munthu wamba uli wofanana ndi wanu kapena wocheperapo, ndiye kuti mwamangidwa zaka 10 pa chinthu chimene mukadachipeza muli mfulu.

Ulendo nawonso uwerengeni, pakuti mapointi sakukwezani ndege. Amalawi timalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30, ndipo ndege yochokera ku Kamuzu International Airport imafika ku Johannesburg m'maola awiri ndi theka, koma matikiti a bambo, mayi ndi ana atatu ndi ndalama imene ingapose mtengo wa malo ogona. Mukafika ku Johannesburg, Durban ikadali makilomita oposa 550. Mukasankha basi yodzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge, masiku atatu kapena anayi a tchuthi chanu athera pamsewu popita ndi pobwera. Ogulitsa amawerengera munthu amene amangoliza galimoto m'mawa n'kukafika masana.

MOMWE AMAGULITSIRA

Njira yake ndi yofanana pafupifupi kulikonse. Mukuyenda m'sitolo zikuluzikulu, mtsikana waulemu akukupatsani kakhadi kokanda, ndipo mwapambana. Kapena foni ikulira kuti dzina lanu lasankhidwa kukagona masiku awiri mwaulere. Kuti mulandire mphatsoyo muyenera kukamvera kaye chionetsero chachifupi, ndipo amakupemphani kuti mubwere ndi akunyumba kwanu. Chifukwa chake n'chakuti asamve yankho limene ife timalidalira lija lakuti, ndikafunse kaye mayi kunyumba.

Kumeneko amakulandirani bwino, tiyi ndi chakudya, zithunzi za nyanja, mafunso a ana anu ndi maina awo. Chionetsero chachifupi chija chimatenga maola. Mukakana, amabwera wamkulu wake ndi mtengo wotsikirapo, ndipo amakuuzani kuti mtengo umenewu ndi wa lero lokha. Apa mpamene ife Amalawi timagwera, chifukwa tidaleredwa kuti munthu amene wakudyetsa sumukanira pamaso. Koma mbewa ya manyazi idafera kuuna. Chakudya chija chidawerengeredwa kale mu mtengo wa mapointi, pamodzi ndi mphatso ija ndi malipiro a wogulitsa. Palibe chimene mwamulakwira munthu mukanena kuti, zikomo, ndipatseni mapepala ndikawerenge kunyumba. Akakana kukupatsani mapepala, yankho mwalipeza.

Mawu amodzi muwasamale kwambiri. Adzakuuzani kuti uku ndi kuika ndalama pa chuma chimene mtengo wake udzakwera, monga nyumba ya ku Area 10 kapena ku Area 43. Nyumba ya ku Area 10 ili pa nthaka, ndipo nthaka ya mu Lilongwe sikuonjezereka. Mapointi alibe nthaka, ndipo kalabu ikupitiriza kugulitsa atsopano tsiku lililonse. Gawo lalikulu la mtengo umene mwalipira lapita ku ntchito yokukopani, choncho tsiku lotsatira mapointi anu sangagulidwenso pa mtengo umenewo. M'misika ya mapointi ogwiritsidwa kale ntchito mudzapeza anthu akugulitsa pa kachigawo kochepa ka mtengo umene adagulira, ena akupereka ulere, bola apeze wowalandira katundu wa ndalama ya pachaka.

KHOMO LOTULUKIRA

Polowa chitseko chimakhala chachikulu, koma muyambe mwafunsa chotulukira. Mapangano ambiri akale adalembedwa opanda tsiku lothera. Munthu amakalamba, sangathenso kuyenda, koma makalata a ngongole akubwerabe. Akamwalira, ngongole yotsalayo imagwera pa chuma cha masiye, ndipo chimene ankati akusiyira ana chimasanduka mutu wa mayi wamasiye ndi wogawa chuma. Ndaonapo mayi wina kuno ku Lilongwe akulandira makalata otere ochokera kunja patapita miyezi maliro a bambo atachitika, osadziwa n'komwe kuti bambowo adasaina chiyani pa ulendo wawo wa kuntchito.

Madandaulo otere adachuluka kwambiri ku South Africa, mpaka mu 2017 bungwe la boma loteteza ogula, la National Consumer Commission, lidakhazikitsa kafukufuku wa malonda onsewa ndi kumva anthu m'zigawo za dzikolo. Lipoti lake lidatuluka mu Disembala 2018. Madandaulo aakulu adali omwe ndatchulawa: kulephera kuthetsa pangano, kusowa malo pamene mapointi alipo, ndalama ya pachaka yokwera, mapointi kufa, ndi kukakamizidwa pogula. Lipotilo lidalangiza kuti mapangano azikhala ndi nthawi yothera ndiponso kuti pakhale lamulo latsopano, koma malangizo a lipoti pa okha si lamulo, choncho chimene chikumangani ndi pepala limene mwasaina. Ku Spain lamulo la 1998 lidaika malire a zaka 50, ndipo mu 2015 khothi lalikulu la kumeneko lidagamula kuti mapangano opanda malire olembedwa lamulolo litayamba ndi osavomerezeka. Ndatchula izi kuti muone kuti vutoli silidza chifukwa cha umbuli wa wogula. Lagwira anthu ophunzira m'maiko olemera.

Chitetezo chenicheni chimene muli nacho ndi masiku oyamba. Lamulo loteteza ogula la ku South Africa la 2008, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2011, limapatsa munthu masiku 5 a ntchito oti athetse pangano popanda kupereka chifukwa, ngati wogulitsa ndiye adamutsata ndi malondawo. M'maiko a European Union lamulo la 2008 limapereka masiku 14, ndipo limaletsa wogulitsa kulandira ndalama iliyonse m'masiku amenewo. Masiku 5 ndi ochepa kwa munthu amene wasaina Lachisanu, wakwera ndege Lamlungu, ndipo Lolemba wapeza ntchito itaunjikana pa desiki. Ngati mwasaina ndipo mtima ukukayika, lembani kalata yothetsa pangano tsiku lomwelo, muitumize pa imelo ku adiresi imene ili m'panganomo, ndipo musunge umboni. Foni si umboni.

Kumbukiraninso kuti pangano limatchula dziko limene malamulo ake adzaweruze pakabuka mkangano. Kuno kwathu tili ndi Competition and Fair Trading Commission ndi bungwe la CAMA, ndipo angakuthandizeni pa kampani imene ikuchita malonda m'Malawi muno. Koma kampani ya ku Durban kapena ku Dubai mudzaitsata kwawo, ndi loya wa kwawo, wolipidwa ndalama ya kwawo.

Msampha womaliza umatchera amene ali kale m'kati. Munthu akuimbirani foni kuti wapeza wogula mapointi anu pa mtengo wabwino, kapena kuti akhoza kukutulutsani m'pangano, koma muyambe mwatumiza ndalama ya mapepala. Mabungwe oteteza ogula ku America ndi ku Ulaya akhala akuchenjeza za chinyengo chimenechi kwa zaka zambiri. Wogulitsa weniweni amatenga gawo lake malonda atachitika. Amene muli kale m'kati ndipo mukufuna kutuluka, yambani mwalembera kalabu yeniyeniyo kufunsa ngati imalandira mapointi obwezedwa, ndipo musangosiya kulipira musanafunse loya.

KODI PALIBE AMENE ZIMAMUKOMERA?

Alipo, ndipo sindifuna kuti muchoke muno mukuti ndanyoza malonda a anthu. Malo ambiri otere ndi osamalidwa bwino, ali ndi khitchini yoti banja liziphika lokha, ndipo mabanja ena akhala akusangalala nawo kwa zaka zambiri. Zimakomera munthu amene amalandira marandi, mapaundi kapena madola, monga anzathu a nthambi za ku Johannesburg ndi ku Britain. Amene amakhala pafupi ndi malowo. Amene amatha kudziwa chaka chisanafike kuti tchuthi chake chidzakhala liti. Ndiponso amene wagula ndi ndalama zake, osati ngongole, makamaka kwa membala wakale pa mtengo wotsika. Ife tili ndi mwayi umodzi: tchuthi chachitali cha ana athu chimagwa mu Ogasiti, pamene ana a ku South Africa ali m'kalasi, choncho mapointi amagula masiku ambiri ndipo malo savuta.

Koma tiyang'ane moyo wathu monga ulili. Disembala ambiri timapita kumudzi kukaona makolo ndi kukaona ngati feteleza wathiridwa. Tchuthi chimene tidapempha kuntchito chimatha ndi maliro, zinkhoswe ndi maukwati, kapena abwana amachiimitsa chifukwa kwabwera alendo. Januwale amabwera ndi fizi ya ana athu ndi ya ana a abale. Munthu wa moyo wotere kumanga sabata ya chaka chamawa lero n'kovuta, ndipo mapointi amakondera amene amamanga msanga.

NANGA KUNYANJA KWATHU?

Kuchokera pano kukafika ku Senga Bay ndi maola awiri pa galimoto. Ku Mangochi, ku Cape Maclear, ku Nkhotakota ndi ku Chintheche kuli malo ogona a mitengo yosiyanasiyana, ndipo ena mwa ife makampani athu ali ndi nyumba kunyanja zimene antchito amasinthana. Mukapita mumalipira, mukapanda kupita simulipira. Munthu amene angamaike pambali mwezi ndi mwezi ndalama imene akadalipira ku kalabu akhoza kutengera banja lake kunyanja chaka chilichonse, ndipo chaka chovuta ndalamayo ingapite ku chipatala kapena ku fizi.

Ndikudziwa kuti ena mumakambirana zosonkherana kumanga nyumba imodzi kunyanja kuti muzisinthana, ndipo mwina tsiku lina wina adzabwera ndi malonda otere a kuno komwe. Ganizo ndi labwino, koma mafunso ndi omwewo. Onani chikalata cha malo ku Unduna wa Malo, muone kuti chili m'dzina la yani ndipo chatsala ndi zaka zingati. Lembani pa pepala kuti Khirisimasi ndi Pasaka zizizungulira bwanji, mlonda azilipidwa ndi yani, wofuna kutuluka agulitse kwa yani, ndipo wina akamwalira gawo lake lipite kuti. Mu 2024 madzi a m'nyanja yathu adakwera mpaka kulowa m'malo ambiri ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja. Tsiku lotero ndi limene mudzadziwe ngati pangano lanu lidanena za wolipira zokonza. Ubwenzi wa pasukulu ndi wamtengo wapatali kuti uthere pa nkhani ya pampu ya madzi.

MAFUNSO OTI MUPITE NAWO

Safunsa adadya phula. Mafunso awa muwafunse, ndipo mayankho ake akuonetseni m'pangano momwe, pakuti zimene wogulitsa wanena pakamwa sizidzakuthandizani m'khothi.

1. Ndikugula chiyani: gawo la nyumba, masheya, kapena umembala? Nyumbazo zili m'dzina la yani, ndipo kampani ikagwa zidzatani?

2. Panganoli likutha liti, ndipo ndingatuluke bwanji lisanathe? Ndikamwalira, banja langa lingakane?

3. Ndalama ya pachaka ndi zingati, idali zingati m'zaka 5 zapitazi, ndipo amaikweza ndani? Padakhalapo ndalama yapadera?

4. Ndandanda ya mapointi ingasinthidwe ndi yani? Ndioneni ya chaka chino ndi ya zaka zapitazo.

5. Mapointi amafa pakapita nthawi yaitali bwanji?

6. Tsegulani kompyuta pompano mundionetse malo amene alipo pa sabata imene ine ndimapita ku tchuthi, a banja la kukula ngati langa.

7. Mapointi ofanana ndi awa akugulitsidwa zingati kwa mamembala akale?

8. Ndili ndi masiku angati osinthira maganizo, ndipo kalata ndiitumize kuti?

Mukalandira mayankho, bwerani nawo kunyumba. Pitani ku banki yanu mukafunse ngati idzatha kumakutumizirani ndalama imeneyi chaka ndi chaka. M'bungwe lathu lino tili ndi maloya, owerengera ndalama ndi ogwira ntchito m'mabanki, ndipo sindikhulupirira kuti alipo amene angakane kuwerenga masamba angapo a mnzake amene ankagona naye hositelo imodzi. Malonda abwino Lachisanu adzakhalabe abwino Lachisanu linalo.

A Wapampando, ndalama ya chaka ndi chaka imene ndingailimbikitse popanda kukayika ndi imodzi yokha, ya umembala wa bungwe lathu lino, ndipo a Msungichuma andinong'oneza kuti buku la malisiti abwera nalo. Imeneyo imalipidwa m'makwacha, ndipo kumene ikupita, ku mabuku ndi madesiki a ana amene akukhala m'makalasi athu aja, tonse tingathe kupita kukaona.